Spindle Yotchipa ya Ukwati wa Dobrila

gulu: ukwati wa Dobrila 🔧
Dobrila, achimwene Tihomir, amalume Spasoje

Lolemba

08:12 Tihomir: ndapeza ma spindle atatu, taonani
08:12 Tihomir: 📷 📷 📷

08:15 Dobrila: achimwene kwa ine zonsezi ndi zitsulo zofanana. funso langa ndi limodzi. bukuliya ituluka Loweruka kapena ayi

08:16 Tihomir: ituluka. yapsa ndi spindle yokha, mota yosemera ija, makina onse ali bho

08:17 Dobrila: munatero sabata yatha isanapse
08:17 Dobrila: makomo 43 akudikira kuitanidwa ku ukwati. anthu amaitanidwa ndi bukuliya, botolo lathabwa losema bwino la kachasu, alawe, awonjezeremo wawo. ya agogo inang'ambika, inu munati musema ina. sindingatume amalume ndi botolo la pulasitiki

08:19 Spasoje: ine ndinganyamule ngakhale ndowa

08:19 Dobrila: ndi chimene ndikuopa

08:24 Spasoje: 🎤 mawu 0:58
Tiho, mwana wa mlongo wanga, tamvera. Ine mamota ndawakulunga zaka makumi atatu ndi zisanu ku fakitale, ndiye usanditumizire zithunzi ngati ukundisankhitsa mkazi. Kaja ka mayuro 60 kasiye. Ndi kamota ka choumitsira tsitsi, kangovala jekete. Kamazungulira 12,000 pa mphindi basi, ndiponso kukamwa kwake kumagwedera ngati mano angawa. Kampeni kako ka milimita imodzi kathyoka usanamalize tsamba loyamba. Iwe ukufunika ya 24,000. Chachiwiricho, cha makilowati 2.2, mphamvu chili nazo koma ndi makilo asanu. Makina ako unapanga ndi mafelemu a mawindo akale, ukachipachika agwada ngati ali m'tchalitchi. Chachitatu cha ku Jeremanicho sindinenapo kanthu, ndaona mtengo ndakhala kaye pansi.

08:26 Tihomir: cha mayuro 900 ndangoika kuti muone kukongola kwake 😍

08:26 Dobrila: diresi langa silinafike pamenepo

08:27 Tihomir: diresi lako silizungulira 24,000 pa mphindi

08:27 Dobrila: mudzaone pa gule

09:40 Tihomir: ndapezanso zina zinayi
09:41 Tihomir: zisanu
09:52 Tihomir: amalume pali ina yobiriwira!!

09:55 Spasoje: ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. choyamba yeza chogwirira chako

10:03 Tihomir: 65mm

10:04 Spasoje: ndiye zonse za 80mm zichoke. zatsala zingati

10:06 Tihomir: ziwiri. zonse 1.5, zonse 24,000. ina imazizira ndi mpweya ina ndi madzi
10:06 Tihomir: ya mpweya siivuta, kungolumikiza basi. koma imalira

10:08 Dobrila: ayi ayi. mota yanu ija inkalira mpaka nkhuku za amayi zinasiya kuikira. amandiimbira daily kuti ndikuuzeni

10:09 Tihomir: amayi ndimakhala nawo nyumba imodzi, bwanji osandiuza ine

10:09 Dobrila: amati simumva chfkw cha phokoso

10:11 Spasoje: kkkkk ya madzi basi. imangong'ung'udza ngati mphaka

10:30 Tihomir: eish. ya madzi ikuchokera ku China, masabata asanu

10:31 Dobrila: ukwati wenniweni watsala masabata atatu
10:31 Dobrila: achimwene
10:44 Dobrila: ACHIMWENE

11:20 Tihomir: ndikufufuza zogwiritsidwapo kale, usandipanikize

12:35 Dobrila: nkhani ina ija. amayi afufuzanso dzulo m'khola ndi kudenga. kachasu wa bambo sakupezeka

12:37 Tihomir: ine ndinakumba pansi pa mtengo wa mapulamu mpaka ndinapeza paipi ya madzi

12:38 Dobrila: anatcheza mwezi umene ndinabadwa, nkunena pamaso pa mudzi wonse kuti utsegulidwa pa ukwati wanga. zaka 26. kenako munthu nkumwalira osauza aliyense pamene anabisa
12:39 Dobrila: ndinkafuna woyamba kulowa m'bukuliya ukhale umenewo. basi. zina zonse zilibe kanthu

12:45 Spasoje: mlamu wanga Gvozden anali katswiri wobisa. ine ndaufufuza zaka 26

12:45 Dobrila: bambo anamwalira zaka ziwiri zapitazo amalume

12:46 Spasoje: ndinayamba msanga kuthandiza

12:46 Tihomir: 😂😂😂

12:50 Spasoje: usadandaule mwanawe, ukapanda kupezeka tithiramo wanga wa chaka chatha

12:58 Dobrila: zkm amalume. koma sizofanana

Lachiwiri

07:48 Tihomir: YAPEZEKA
07:48 Tihomir: bambo wina ku Kragujevac, a Budimir. ankasema zikwangwani za pakhomo. 1.5, ya madzi, 65mm, 24,000, inveta ndi pampu zonse pamodzi mayuro 170
07:49 Tihomir: akugulitsa coz akazi awo akufuna chipindacho

07:51 Dobrila: mayi anzeru

07:55 Spasoje: usalipire. safunsa anadya phula. auze atumize video akuizungulitsa ndi chala, foni aigunditse pachitsulo timve mabelingi

08:31 Tihomir: 🎬 kanema 0:14

08:33 Spasoje: dikira nditseke wailesi
08:36 Spasoje: dikira nditulutse galu
08:41 Spasoje: 🎤 mawu 0:22
Aaa. Imeneyi ndi namwali. Ndamvera katatu, mulibe mchenga, mulibe kukhosomola. Mabelingi anayi onse ali moyo. Gula, ndipo usanenerere kwambiri, munthuyo ali kale pa mavuto kunyumba.

08:42 Tihomir: ndanenerera kale, 155 ndi botolo la uchi wa amayi

08:43 Dobrila: amayi akudziwa?

08:43 Tihomir: adziwa nkhuku zikayamba kuikira

09:10 Tihomir: aipereka kwa dalaivala wa basi ya mawa mmawa. ndikailandira pa siteji 10 koloko
09:10 Tihomir: Dobi lero sindigona. pa ukwati wanga sindinamve chonchi

09:12 Dobrila: simunakwatirepo

09:12 Tihomir: ndi zomwe ndikunena

09:30 Dobrila: chonde thabwa lija mulisamale. ndi lomaliza la mtengo wa bambo, lina kulibe

09:31 Tihomir: ndayamba ndayesa pa paini. masamba a pulamu, nkhunda ziwiri, dzina lako ndi la Milun. lako lalikulupo

09:32 Dobrila: 🥰 wina asamuuze

Lachitatu

10:07 Tihomir: basi yachedwa, chipale chofewa chatseka msewu kumtunda
10:52 Tihomir: sinafikebe. mapazi ndilibe
11:26 Tihomir: 📷
11:26 Tihomir: MWANA WABADWA. makilo atatu ndi theka

11:28 Dobrila: mwaikulunga m'bulangete??

11:28 Tihomir: kunja kukuzizira

11:29 Dobrila: limenelo ndi bulangete langa la ku pulayimale

13:15 Tihomir: yalowa m'chogwirira ngati inabadwira momwemo. amalume ndiyatse?

13:15 Spasoje: AYI
13:16 Spasoje: 🎤 mawu 0:40
Chotsa chala pamenepo. Inveta imeneyo ngati a Budimir anaibweza mmene inachokera ku fakitale, ili pa 50, magetsi a m'nyumba. Spindle yako imadya 400. Ukaiyatsa pa 50 imva ngati waimwetsa phala lamoto, mphindi imodzi utsi, ndipo ine sindikulunganso mamota, maso anatha. Lowa m'manambala, paliponse pamene pali 50 undiwerengere. Ndipo usaiyendetse youma, madzi ayambe kuzungulira.

13:34 Tihomir: inali pa 50 😳

13:35 Spasoje: mawu a akulu

13:35 Tihomir: akoma akagonera, ndamva, ndasintha

13:50 Spasoje: tsopano vuto lina. wailesi yati mawa mmawa kuzizira kufika 13 pansi pa ziro. garaja yako ilibe mbaula. madzi akaundana m'kati spindle ing'ambika ngati bukuliya ya agogo

13:52 Tihomir: ndithire mankhwala a mu rediyeta ya galimoto?

13:53 Dobrila: mphaka wa amayi amamwa m'ndowa iliyonse ya m'garajamo. akafa ukwati kulibe

13:54 Tihomir: komanso ku filling ndi makilomita 11 ndipo galimoto yakwiririka

14:02 Spasoje: 🎤 mawu 0:49
Ana inu sukulu inakuonongani. Mukufuna kugula chinthu chimene chili pansi pa mapazi anu. Kachasu saundana. Sindikunena wakumwa, Mulungu andikhululukire. Ndikunena mutu, uja woyamba kudontha potcheza, wochititsa khungu, amene timasungira kutsukira mawindo ndi kuthira mawondo a amayi ako. Tsikira m'chipinda chapansi, kuseri kwa migolo ya kabichi, pakona. Pali chibotolo cholukidwa ndi nsungwi, cha malita khumi, bambo ako analembapo ndi penti yofiira. Ndachiona kambirimbiri, tsiku lina ndinachisuntha ndekha pofufuza zinthu zina. Thira m'ndowa, uvindikire bwino, ndipo fodya usasutire pafupi.

14:19 Tihomir: 📷
14:19 Tihomir: ichi? chalembedwa CHIPHE. OSAMWA. pali ndi kachigaza kojambula

14:20 Spasoje: chomwecho

14:21 Dobrila: kkkk bambo kujambula ankalephera. chigaza chikumwetulira

14:22 Tihomir: pakamwa anamata ndi phula

14:23 Spasoje: kuopa ana. tsegula

15:05 Tihomir: 🎬 kanema 0:20
15:05 Tihomir: MVERANI
15:06 Tihomir: mukumva?

15:07 Dobrila: sindikumva kanthu

15:07 Tihomir: NDI ZIMENEZO. ili pa 24,000 imeneyo

15:09 Spasoje: ndalira pang'ono

Lachinayi

07:30 Dobrila: ndalowa ntchito, lero ku pharmacy tikuwerenga katundu, foni ikhala mu locker. musaononge kanthu

07:41 Tihomir: 13 pansi pa ziro ndipo m'ndowa simunaundane. amalume ndinu dokotala
07:42 Tihomir: mbali ya m'kati ndinakumba dzulo. thabwa la bambo lili pa makina, masamba ayamba

09:15 Tihomir: nkhuku zaikira anayi. amayi andipatsa kofi osapempha

10:20 Tihomir: tsamba lililonse likutuluka ndi timitsempha take. kampeni sikanathyoke ngakhale kamodzi
10:21 Tihomir: komanso m'garaja muno mukununkhira bwino bwanji. ndowa ikatenthera fungo ngati amayi akuphika jamu
10:21 Tihomir: ndakhala ndikuimba kuyambira 9

10:25 Spasoje: mutu sununkhira jamu. umanunkha ngati mankhwala ochotsera penti

10:26 Tihomir: uwu ndiye wakalamba bwino
10:26 Tihomir: 📷
10:26 Tihomir: onani mmene ukuyendera m'timapaipi. ngati uchi

10:27 Spasoje: bwanji uli wachikasu

10:28 Tihomir: kaya, unali choncho

10:28 Spasoje: Tihomir
10:29 Spasoje: mutu umakhala woyera ngati madzi. palibe munthu amaika chiphe mu mgolo wa mabulosi kuti chisanduke chikasu
10:29 Spasoje: mu mgolo mumalowa wabwino yekha
10:30 Spasoje: wabwino kwambiri

10:33 Spasoje: chibotolo chija chili pati

10:33 Tihomir: pano pakhomo

10:34 Spasoje: chitseke pakamwa, uchipendeketse, uone kunsi

10:41 Spasoje: waona chiyani
10:49 Spasoje: iwe
10:50 📞 Spasoje waimba, sanayankhe
10:56 Spasoje: ndikuvala nsapato

10:58 Tihomir: 📷
10:58 Tihomir: pali kapepala komatidwa ndi tepi. ndi dzanja la bambo
10:59 Tihomir: "Wa Dobrila, 9.10.1997. Spasoje, ngati ukuwerenga izi, bweza pamene wachitenga."

11:04 Spasoje: zaka 26
11:04 Spasoje: ndinachinyamula ndi manja angawa
11:05 Spasoje: ndinachisuntha kuti ndione ngati kuseri kwake kuli kachasu

11:06 Tihomir: amalume ndathira kachasu wa ukwati wa mlongo wanga mu spindle

11:06 Spasoje: tisamuuze

11:07 Tihomir: ali mu group muno

11:07 Spasoje: fufuta

11:09 Spasoje: ndafufuta zonse

11:09 Tihomir: mwafufuta kwa inu nokha. ine ndikuziona

11:10 Spasoje: ndiye ndikupita kwa mnzanga ku Užice, ndibwera ukwati ukatha

11:12 Tihomir: ndizimitse makina?

11:13 Spasoje: ali pati

11:13 Tihomir: pa phiko la nkhunda yoyamba. ndikaimitsa pano pakhala chipsera. ndikachotsa ndowa spindle ipsa

11:14 Spasoje: ndiye asiye ayende. mlandu ndi umodzimodzi

12:31 ✓✓ Dobrila wawerenga

12:33 Tihomir: Dobi
12:35 Tihomir: mlongo wanga
12:36 Tihomir: sindinadziwe, panali chigaza
12:40 Spasoje: ndine ndinamutuma mwanawe. undikalipire ine

12:47 Dobrila: watsala wochuluka bwanji

12:48 Tihomir: m'ndowa ndinathira malita 8

12:48 Dobrila: ndafunsa wotsala

12:50 Tihomir: lita imodzi ndi theka
12:50 Tihomir: ukanakhala awiri koma ndinatsukirako windo la garaja

12:51 Spasoje: Ambuye

12:52 Tihomir: wa m'ndowa ndingausefe ndi nsalu

12:53 Spasoje: wadutsa m'chitsulo chamafuta ndi m'mapaipi a a Budimir. sungamwedwe
12:53 Spasoje: ndingayese ndine pang'ono kuti titsimikize

12:54 Tihomir: amalume si nthawi yake

13:02 📞 Tihomir waimba, sanayankhe
13:20 📞 Tihomir waimba, sanayankhe
13:21 Tihomir: ukafuna ndiiphwanya ndi hamala spindle yo
13:58 Tihomir: Dobi nena kanthu ngakhale kunditukwana

14:40 Dobrila: 🎤 mawu 1:32
Achimwene, hamala muisiye. Ndinali m'chipinda cha katundu, ndinadzitsekera. Ndinayamba ndi kulira, kenako ndinaonanso chigaza chomwetulira chija ndiye ndaseka mpaka abwana agogoda kufunsa ngati ndamwa mankhwala a anthu. Ndawaimbira amayi. Akuti tsopano akumbuka, tsiku lina bambo anatuluka pansipo manja ali penti yofiira, nkunena kuti, Leposava, ndamanga mpanda umene mlongo wako sadzaudumpha. Iwo ankayesa akunena za nkhumba. Ndakwiya, musaganize kuti sindinakwiye, malita asanu ndi atatu ndi windo. Koma tamverani. Munthu uja simukumukumbuka? Sankatha kuona wina akugwira ntchito iye manja ali m'thumba. Ukamakhoma msomali ankabwera nkukulanda hamala. M'chipatala muja anandiuza kuti bukuliya yanga adzasema yekha, ine ndinangoti inde bambo, ndikudziwa kuti sizitheka. Ndiye lero mukundiuza kuti thabwa ndi la mtengo wawo, ndipo chimene chikuziziritsa makina ndi kachasu wawo. Akulandani ntchito, achimwene. Musazimitse. Asiyeni amalize.

14:46 Tihomir: sindikuona bwino screen

14:47 Spasoje: ndi fungo la m'garajamo. nanenso landifika kuno

14:52 Dobrila: bukuliya imalowa zingati

14:52 Tihomir: lita imodzi

14:53 Dobrila: ndiye wakwana. khomo lililonse akalawa amawonjezeramo wawo, sutha. bambo alowa m'nyumba zonse 43
14:53 Dobrila: theka lotsalalo ndi la ine ndi Milun pa tsikulo. mulibise

14:54 Spasoje: ndingasunge ine

14:54 Dobrila: ayi
14:54 Tihomir: ayi

16:10 Tihomir: nkhunda yachiwiri yatha. spindle sinatenthe olo pang'ono
16:11 Tihomir: a Budimir afunsa ngati ikuyenda bwino. ndawauza kuti sinasamalidwepo chonchi chibadwire

Lachisanu

09:05 Tihomir: ndamata mbali ziwiri, m'kati ndathira phula la njuchi. sikudontha
09:06 Tihomir: kunsi kwake ndasemako kanthu kakang'ono. usakwiye
09:06 Tihomir: 📷

09:11 Dobrila: kachigaza komwetulira 😭😭😭

09:12 Spasoje: mwano

09:30 Dobrila: ndikwera basi ya 3. amalume mawa 9 koloko, malaya oyera, ndevu zometa. achimwene ndi amene anyamule, inu muziyenda pambali ndi kulankhula

09:31 Spasoje: ndiye ndatsitsidwa udindo

09:31 Dobrila: mwakwezedwa. muona

Loweruka

08:50 Tihomir: 📷
08:50 Tihomir: amayi aimangirira kathaulo ndi timasamba ta rozimere. Dobi wathira yekha, sanataye dontho

08:57 Spasoje: ndili pa geti panga, ndameta. tiyambira kwa ndani

08:58 Dobrila: musachoke pamenepo. khomo loyamba ndi lanu

08:58 Spasoje: ine sindiitanidwa, ndine wa m'nyumba

08:59 Dobrila: lero muitanidwa. achimwene ali m'njira
09:00 Dobrila: bambo anati mubweze. mwini wake ndine tsopano, ndipo ine ndikuti mulawe woyamba ndinu

09:08 Tihomir: ndafika. avula chipewa
09:09 Tihomir: aigwira ndi manja awiri, akungoiyang'ana
09:11 Tihomir: akuyankhula nayo. akuti Gvozden wakuba iwe

09:13 Spasoje: 🎤 mawu 0:11
(mphepo, galu akuuwa patali, munthu akupuma)

09:14 Dobrila: amalume?

09:17 Spasoje: mlamu wanga ankadziwa kutcheza
09:17 Spasoje: ndamusowa

09:19 Dobrila: nafenso
09:21 Dobrila: achimwene akuti mwalawa kachitatu

09:21 Spasoje: ndimatsimikiza

09:22 Dobrila: bwezani pamene mwaitenga. makomo 42 akudikira